Mbale za delft za ku England: burashi ikadutsa, yadutsa

Pankhope pa mbale yaikulu ya Adamu ndi Hava, mwa zija oumba a ku England ankapanga m'zaka za m'ma 1600, pamakhala tizipsera titatu. Munthu wosadziwa amayesa kuti mbaleyo inakalika m'manja mwa eni ake. Ayi ndithu, inatuluka nato m'ng'anjo. Powotcha ankasanjikiza mbale pamwamba pa inzake, pakati n'kuikapo kadothi ka miyendo itatu kuti zisamatirirane, ndipo pochotsa kadothiko kankasiya zidindo zake. Nthawi zina chipsera chimagwera pa thunthu la mtengo, nthawi zina pa ntchafu ya Hava penipeni. Mbaleyo inkagulitsidwa choncho, ndipo wogula ankaipachika pakhoma mokondwa.

Adamu waima uku, Hava uko, matupi awo ali ojintcha. Pakati pali mtengo, njoka itadzikulunga ku thunthu, zipatso zachikasu zitalendewera, zazikulu mopitirira muyeso. Pa mbale zambiri masamba sanajambulidwe limodzilimodzi; wojambula ankaviika kasiponji mu utoto n'kumadinda. M'mphepete monse muli timizere tabuluu topendekera, kalikonse kokokedwa ndi burashi kamodzi kokha. Timizere timeneti ndi timene tinachititsa m'busa wina, E. A. Downman, kuzitcha mbalezi blue-dash chargers m'buku lake la 1919, ndipo ogula zinthu zakale amazitchula choncho mpaka lero.

Ku Victoria and Albert Museum ku London kuli mbale ya Adamu ndi Hava yolembedwa chaka cha 1635. Wojambula wake ankaonera chithunzi chodindidwa cha Crispijn de Passe, ndipo anayesetsa kutsata thupi la munthu mmene lilili. Obwera pambuyo pake sankaonanso chithunzi choyambacho. Ankaonera mbale za anzawo, amenenso anaonera mbale za ena. Zaka zikamapita matupi ankasintha, mikono kutalika, njoka kunenepa, mtengo kusanduka madontho. Pali amene amati kumeneku kunali kulowa pansi kwa luso. Ine sindivomereza. Mbale za pambuyozi ndi zimene zimakusonyeza dzanja la munthu wogwira ntchito: lothamanga, lozolowera, losaopa. Amene akufuna chinthu chosalala chopanda banga apite kukaona porcelain, mbale zoyera zolimba zija za ku China. Chuma cha delft, monga mbale zotere zimatchedwira, chili kwina.

Kuyera kobwereka

Dongo la mbalezi silinali loyera. Likapsa linkatuwa mwachikasu kapena kufiirira pang'ono, linali lofewa moti mpeni ungalikale, ndipo linkamwa madzi monga umachitira mtsuko wathu wosungira madzi akumwa. Kuyera konse kumene timaona pa mbale ya delft ndi chikuto chabe chagalasi, chimene anachiyeretsa ndi chitsulo cha tini.

Nzeru imeneyi si ya Angerezi. Inayambira ku Iraq m'zaka za m'ma 800, makamaka ku Basra, kumene oumba anaona mbale zoyera zochokera ku China n'kufuna kupanga zofanana nazo ngakhale analibe dongo lake. Kuchoka kumeneko inayenda ndi Asilamu mpaka ku Spain, inawolokera ku Italy kumene mizinda ya Faenza, Deruta ndi Urbino inatchuka nayo, kenaka Mtaliyana wina, Guido Andries, anakatsegula malo oumbira ku Antwerp kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1500. Mu 1567, pamene Apulotesitanti ankazunzidwa m'dera limenelo, Jasper Andries ndi Jacob Jansen anachoka ku Antwerp n'kukakhala ku Norwich. Mu 1570 anapempha Mfumukazi Elizabeth I chilolezo chogwirira ntchito ku London, ndipo posakhalitsa Jansen anali atakhazikika ku Aldgate. Mbale ya delft yakale kwambiri ya ku England yokhala ndi chaka ndi ya 1600, ili ndi mawu otamanda mfumukaziyo, ndipo imasungidwa m'myuziyamu ya mzinda wa London.

Masiku amenewo katunduyu ankatchedwa galleyware. Dzina la delft linabwera mochedwa, mzinda wa Delft ku Holland utatchuka ndi ntchito yomweyi. Malo oumbira anafalikira m'mbali mwa mtsinje wa Thames: ku Southwark, kumene Christian Wilhelm anapatsidwa mu 1628 ufulu wopanga yekha katunduyu, kenaka ku Rotherhithe ndi ku Lambeth. Boma linathandizako mu 1672 poletsa kuitanitsa kunja mbale zadothi zojambulidwa. Brislington, pafupi ndi Bristol, inayamba chapakati pa zaka za m'ma 1600, Bristol yeniyeniyo m'ma 1680, Liverpool mu 1710, Wincanton ku Somerset pambuyo pake. Ntchitoyi inafikanso ku Dublin ndi ku Glasgow.

Mkati mwa nyumba youmbira

Apa m'pofunika kuchedwapo, chifukwa munthu akamvetsa mmene mbale inkapangidwira amayamba kuiona mwina.

Dongo linkasakanizidwa. Pafunika lina lokhala ndi laimu wambiri kuti pozizira dongo ndi chikuto zifote mofanana, apo ayi chikutocho chimang'aluka kapena kusupuka. Oumba a ku London ankaitanitsa dongo lotere ku Norfolk ndi ku Suffolk, a ku Bristol ndi ku Liverpool ankalitenga pa sitima kuchokera ku Carrickfergus ku Ireland. Ankalisungunula m'madzi, kulisefa, kuliumitsa pang'ono, kuliponda. Mbale ikaumbidwa n'kuuma inkalowa m'ng'anjo koyamba, pa moto wa madigiri pafupifupi 1,000, n'kutuluka yolimba koma yaludzu.

Kenaka inkaviikidwa m'phala loyera. Phalali ankalikonza powotcha mtovu ndi tini pamodzi mpaka zisanduke phulusa, kusakaniza phulusalo ndi mchenga ndi mchere, kuzisungunula pamoto, kuzipera kukhala ufa, n'kuthira m'madzi. Mtovu ndi mchenga ndizo zimapanga galasi. Tini ndiye amaliphimba kuti lisaonekere mkati. Tini ankachokera ku migodi ya ku Cornwall, koma ngakhale anali wa m'dziko momwemo sanali wotsika mtengo. N'chifukwa chake mukatembenuza mbale yaikulu ya m'ma 1600, kumbuyo kwake nthawi zambiri si koyera. Anapakako chikuto chotchipa cha mtovu, chotuwa mwachikasu kapena mobiriwira. Kumbuyo kunkayang'ana khoma, nanga kuwonongeranji tini?

Mbale ikatuluka m'phala, dongo linkamwa madzi onse m'kanthawi kochepa, pamwamba n'kutsala ufa woyera womatirira mofooka, woti chala chikakhudza chimasiya chizindikiro. Pa ufa umenewu ndi pamene wojambula ankajambula. Ganizirani izi bwino. Burashi ikangokhudza, utoto walowa. Palibe kufufuta, palibe kubwereza mzere popanda kuoneka kuti wabwerezedwa. Ukazengereza, utoto umaunjikana malo amodzi n'kupanga banga. Ukakanikiza, burashi imakokolola ufawo. Njira inali imodzi yokha: kudziwa kumene dzanja likupita lisananyamuke, n'kulikoka mosaima. Mnyamata wophunzira ntchito ankamangidwa pangano la zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo mukaona tambala wa pa mbale ya ku Bristol, mchira wake utatuluka m'mizere inayi kapena isanu yokha, mumadziwa kumene zakazo zinapita.

Panalinso vuto lina. Wojambula sankaona mitundu imene ife timaona. Utoto wake unali wa miyala ndi zitsulo zoperapera, ndipo usanapse unkaoneka wotuwa kapena wakuda. Cobalt, amene ankaitanitsidwa makamaka ku Saxony, ndiye ankatulutsa buluu. Manganese ankatulutsa pepo, mkuwa zobiriwira, antimony chikasu, chitsulo zofiirira. Mitundu ndi yomweyi basi, chifukwa ndi yokhayo imene inkapirira moto wa ng'anjo. Kufiira kunali kovuta koposa. Kawirikawiri kunkatuluka kouma, kwa mtundu wa njerwa. Wojambula ankayenera kukumbukira m'mutu kuti utoto wotuwa uwu ukasungunulidwa chotere udzatuluka buluu wopepuka, ukakhala wokhuthala udzatuluka buluu wozama.

Pa zithunzi zovuta ankadzithandiza ndi pepala lobooledwa ndi singano motsata mizere ya chithunzi. Ankaligoneka pa mbale n'kugunditsapo kathumba ka makala osinja, pa ufa woyera n'kutsala timadontho totsogolera burashi. Makalawo ankapsa n'kuzimirira m'ng'anjo. Koma timadontho sitijambula nkhope. Mbale ziwiri zochokera pa pepala limodzi sizifanana.

Kuwotcha kwachiwiri kunkasungunula ufa uja kukhala galasi, utoto n'kumira mkati mwake. Ndicho chifukwa chake mitundu ya mbale ya zaka 300 ikadali yowala. Siili pamwamba poti ingasuluke. Pofika zaka za m'ma 1700 mbale zodyera zinkaikidwa m'mabokosi adothi otetezera utsi ndi malawi, iliyonse itakhala pa tizikhomo titatu tolowetsedwa m'mbali mwa bokosilo. Zipsera zinachoka pankhope n'kupita kunsi kwa mkombero, kumene wogula wodziwa amazifufuza ndi chala.

Tisaiwale amene ankaviika mbale m'phala lija. Manja awo ankakhala mu mtovu tsiku lonse, ndipo fumbi lake ankalipuma. Mtovu umapha pang'onopang'ono: kupotokola kwa m'mimba, kufooka kwa manja, kenaka ubongo. Matendawa anali odziwika pakati pa oumba a ku England kwa mibadwo yambiri, ndipo kuyera kwa mbalezi kunalipiridwa ndi matupi a anthu amene mayina awo sanalembedwe paliponse.

Mafumu, maukwati ndi nkhani za tsikulo

Anthu wamba a nthawiyo ankadyera m'mbale zamatabwa kapena za chitsulo chofewa cha pewter. Olemera kwambiri anali ndi siliva ndi porcelain ya ku China. Delft inali ya apakati: wamalonda, mlimi wopeza bwino, mwini nyumba ya alendo, mmisiri wokhala ndi antchito ake. Mbale zazikulu zija sizinali zodyera. Zambiri zili ndi kabowo kumsana kopisapo chingwe. Choncho zimene zinkajambulidwapo ndi zimene banja linkafuna kuti mlendo aone akangolowa.

Ambiri ankafuna mfumu. Charles II atabwezeretsedwa pa mpando mu 1660, nkhope yake inadzaza pa mbale ndi makapu, ndipo zina zimamuonetsa ali mu mtengo wa oak wa ku Boscobel umene anabisalamo atagonja pa nkhondo ya ku Worcester mu 1651. William III ndi Mary II, amene analowa ufumu mu 1689, amajambulidwa limodzi, zisoti zachifumu zili kumutu, zilembo W, M ndi R zili pambali. Mfumukazi Anne akutsatira, kenaka mafumu otchedwa George. Nkhope zake sizifanana ndi eni ake ngakhale pang'ono, ndipo ojambulawo ankadziwa. Munthu yemweyo wokwera pa hatchi yoimika miyendo yakutsogolo amapezeka pa mbale ina ali mfumu, pa ina ali kazembe wankhondo ngati Duke of Marlborough. Chosintha ndi zilembo zokha. Wogula sankafuna chifaniziro. Ankafuna kunena mbali imene waima, pa nthawi imene funso la mfumu yoyenera linkagawanitsa dziko ndi kuphetsa anthu.

Zandale sizinathere pa mafumu. Admiral Vernon atalanda Portobello mu 1739 anakwera pa mbale. Duke of Cumberland anakwerapo itatha nkhondo ya ku Culloden mu 1746. Pa chisankho cha 1754 ku Tewkesbury kunatuluka mbale zolembedwa mayina a Calvert ndi Martin, opikisana pa mipando ya ku nyumba ya malamulo.

Zimene zimandikhudza kwambiri, komabe, ndi mbale za ukwati. Pakati pamakhala zilembo zitatu zoikidwa mwa makona atatu: pamwamba chilembo choyamba cha dzina la banja, m'munsi cha mwamuna ndi cha mkazi, kenaka chaka. Palibe china, kupatula nkhata ya masamba kapena kamaluwa. Anthu awiri anapita kwa woumba, analipira, anadikira ng'anjo. Za ambiri mwa iwo palibe chinanso chimene chinatsala. Wojambula wina wa ku Bristol, Michael Edkins, anadzipangira zake mu 1760, zokhala ndi zilembo za iye ndi mkazi wake Betty, ndipo ndi mmodzi mwa ojambula ochepa kwambiri amene tingaloze mbale n'kunena kuti iyi ndi yake.

Panalinso mbale zoseketsa alendo, zotchedwa Merryman, zimene zinkapangidwa kuyambira m'ma 1680 mpaka chapakati pa zaka za m'ma 1700. Zinkabwera zisanu ndi imodzi, iliyonse ili ndi nambala ndi mzere umodzi wa kandakatulo kokamba za mwini nyumba wochereza alendo ndi mkazi wake. Mawu ankaoneka chakudya chikatha, ndipo kuti nkhani imveke aliyense ankayenera kuwerenga mbale yake motsatana. Kupeza zonse zisanu ndi imodzi zili pamodzi lero n'kosowa, chifukwa imodzi ikasweka zotsalazo zinkabalalika.

China wa m'maganizo

Kuyambira masiku a Christian Wilhelm, amene malo ake amalumikizidwa ndi chithunzi cha mbalame itatera pa mwala chotengera porcelain ya nthawi ya mafumu a Ming, oumba a ku England ankathamangitsa China. Makampani a zamalonda a Angerezi ndi Adatchi, okhazikitsidwa mu 1600 ndi 1602, ankabweretsa porcelain yabuluu ndi yoyera, yopyapyala, yolira ukaigogoda. Chinsinsi chake, dongo la kaolin ndi moto wa madigiri pafupifupi 1,300, ku Ulaya chinadziwika mochedwa, ku Meissen cha m'ma 1710. Delft sikanatha kufika pamenepo. Inkangotengera maonekedwe.

Ndipo potengerapo inapanga dziko lakelake. Ojambula a ku Lambeth, Bristol ndi Liverpool sanapondeko ku China. Msodzi wawo wakhala m'kabwato pansi pa mtengo wa willow, kuseri kuli kanyumba ka denga lopindika, koma mpanda, mlatho ndi tchire zimakhala za kwawo. Pa mbale zina za ku Bristol azibambo ndi azimayi ovala Chingerezi akuyenda pansi pa mitengo italiitali yodindidwa ndi siponji, m'malo amene sali China, salinso England. Chapakati pa zaka za m'ma 1700 kunabwera njira zatsopano zokometsera mkombero. Ina inali yojambula maluwa oyera mbuu pamwamba pa chikuto chotuwa mwabuluu, yodziwika ndi dzina lachitaliyana lakuti bianco sopra bianco. Ina inali yowaza utoto wapepo kapena wabuluu pa mbale yonse, ataphimba malo ena ndi timapepala kuti patsale mawindo oyera ojambulamo nsomba kapena maluwa. Ku Liverpool kunatchuka maluwa a mitundu yofatsa, yobiriwira motuwa, yachikasu, yapepo ndi yofiira, imene imatchedwa Fazackerly potengera makapu awiri opangidwira Thomas ndi Catherine Fazackerly mu 1757 ndi 1758. Makapuwo anawonongeka myuziyamu ya ku Liverpool itaphulitsidwa ndi mabomba mu 1941.

Madoko ndi zimene ankanyamula

Si mwangozi kuti malo oumbirawa anali m'madoko. Dongo, cobalt ndi nkhuni zinkabwera pamadzi, ndipo mbale zinkachoka pamadzi. Msika wina waukulu unali kutsidya kwa nyanja ya Atlantic. Ofukula zakale apeza mapale a delft ya ku England ku Virginia ndi ku Port Royal ku Jamaica, mzinda umene mbali yake yaikulu inamira ndi chivomezi mu 1692. Fakitale ya Delftfield ku Glasgow inatsegulidwa mu 1748 ndi amalonda amene maso awo anali pa America, mmodzi mwa iwo Robert Dinwiddie, amene pambuyo pake anakalamulira Virginia.

Wowerenga wa ku Africa sangadutse apa osaima. Bristol ndi Liverpool anali madoko aakulu a malonda a akapolo m'zaka za m'ma 1700, ndipo minda ya fodya ndi nzimbe imene inkagula mbalezi inkalimidwa ndi anthu ogwidwa kumadzulo ndi pakati pa Africa. Ku Liverpool ankapanga mabakuli akuluakulu osakaniziramo zakumwa, mkati mutajambulidwa sitima mwaluso lodabwitsa, chingwe chilichonse pamalo pake, m'munsi muli mawu oifunira mwayi pa ulendo. Zina mwa sitimazo zinali zonyamula akapolo, ndipo pali bakuli lofunira mafuno abwino malonda a ku Africa poyera. Dzanja lomwe lija ndalitamanda linajambulanso zimenezi. Sindiona chifukwa chobisira mbali imodzi kuti ina iwale.

Mpeni, madzi otentha ndi Wedgwood

Delft inali ndi chilema chimene palibe wojambula akanachichiza. Chikuto chake chimabenthuka m'mphepete, dongo lotuwa n'kuonekera. Mpeni umachikala. Madzi otentha amaching'alula, n'chifukwa chake matiipoti a delft ndi osowa kwambiri ngakhale tiyi anali atafala. Pamene oumba a ku Staffordshire anayamba kusakaniza dongo loyera la ku Devon ndi Dorset ndi mwala wa flint wowotcha ndi kupera, anapeza mbale yoyera mkati momwe, yopepuka, yolimba, yosafuna tini. Josiah Wedgwood anaikonza bwino creamware imeneyi, Mfumukazi Charlotte anaitanitsa yake mu 1765, ndipo inayamba kutchedwa Queen's Ware. Panthawi yomweyo makina anayamba kulanda ntchito ya burashi. Mu 1756 John Sadler ndi Guy Green a ku Liverpool analumbira kuti anadinda zithunzi pa matailosi oposa 1,200 m'maola asanu ndi limodzi.

Ojambula a delft anapitirizabe kwa zaka zina. Vincenzo Lunardi atauluka ndi chibaluni kuchokera ku London pa 15 September 1784, oumba a ku Lambeth anatulutsa mbale zoonetsa chibalunicho chili m'mwamba pamwamba pa nyumba ndi mpanda, ndipo ndi zina mwa mbale zomaliza zokoma za mtunduwu. Pofika 1800 malo ambiri anali atatseka kapena atatembenukira ku creamware. Chimene chinatsalira kwa kanthawi ndi timiphika ta mafuta odzola ndi mankhwala.

Patadutsa zaka pafupifupi 100 anthu anayamba kuzitolera. J. W. L. Glaisher, katswiri wa masamu wa ku Cambridge, anasiyira Fitzwilliam Museum mbale zake zambirimbiri atamwalira mu 1928. Zina zili ku Ashmolean ku Oxford, ku Bristol Museum and Art Gallery ndi ku Colonial Williamsburg ku America. Otolerawa anakumana ndi funso lovuta: mbale iyi inapangidwa kuti? Oumba a delft ku England kawirikawiri sankaika chizindikiro cha fakitale, amisiri ankasamuka mzinda ndi mzinda atanyamula mapepala awo obooledwa, ndipo ena mwa iwo anali Adatchi, monga Jan Ariens van Hamme amene anachoka ku Delft n'kupatsidwa chilolezo ku London mu 1676. Kusiyanitsa ya ku England ndi ya ku Holland kumatheka nthawi zina chifukwa Adatchi ankakonda kuwonjezera chikuto china choonekera pamwamba, chimene chimawalitsa mbale kwambiri, pamene Angerezi sankachita zimenezi kawirikawiri. Kusiyanitsa Lambeth ndi Bristol n'kovuta koposa.

Yankho linachokera m'dzala. Fakitale iliyonse inkataya mbale zopindika, zomatirirana ndi zosweka m'ng'anjo pafupi ndi pamene inali, ndipo katundu wotayidwa sayenda ulendo. W. J. Pountney anakumba ku Brislington ndi ku Wincanton kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, F. H. Garner anatola mapale ku Lambeth m'ma 1930, ndipo ofukula a masiku ano apitiriza ku Southwark ndi ku Liverpool. Phale lokhala ndi theka la duwa likafanana ndi mbale yathunthu ya m'myuziyamu, mbaleyo imapeza kwawo. Ntchitoyi yasintha maganizo ambiri akale: zithunzi zimene zinkatchedwa za ku Bristol kokha zapezeka m'dzala la ku London, ndipo mbale zambiri zimene mabuku akale anazipatsa mzinda umodzi molimba mtima, akatswiri a lero amazilembera mizinda iwiri kapena itatu.